Msewu Umene Unabadwira m'Chipululu Kuzambwe kwa Lilongwe

Dziko lathu lino lilibe chipululu cha mchenga chonga Sahara kapena Kalahari, kumene munthu angafe ndi ludzu atasochera. Komabe mawu akuti chipululu ndi akalekale m'chinenero chathu, ndipo makolo athu sanadikire kuona mchenga kuti awatchule. Kwa iwo chipululu ndi malo alionse amene munthu angayende kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka osamva tambala kulira, osaona utsi ukufuka padenga, osakumana ndi wina womupatsa moni. Amene amayenda masiku ano kuchokera mumzinda wa Lilongwe kulowera kuzambwe, kudzera pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete, angaseke atamva kuti kumeneko kunali chipululu, popeza midzi ndi minda zangogundana mpaka ku Mchinji. Koma zaka 130 zapitazo zinalidi choncho m'malo ambiri, ndipo msewu umene tikufuna kukamba mbiri yake unabadwira m'chipululu chimenecho.

Msewu wake ndi uja akuluakulu ankautchula kuti wa ku Fort Jameson. Lero thunthu lake lili ndi phula ndipo pamapu amalilemba kuti M12. Koma nthambi zake ndi abale ake ambiri, olowera kumidzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula, kwa Khongoni ndi cha ku Nambuma, akadali a fumbi m'chilimwe ndi a matope m'dzinja, monga momwe thunthulo linaliri kwa zaka zambirimbiri. Tonse timaidandaula misewu imeneyi. Timaidandaula pamaliro, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi mvula ikagwa Loweruka usiku. Koma kawirikawiri sitidzifunsa kuti kodi anailambula ndani, nanga poilambulapo ankaganizira yani. Yankho la funso lachiwirili ndilo limatithandiza kumvetsa chifukwa chake misewu ina imasamalidwa pamene ina imaiwalika.

Azungu asanafike, dziko lino linali ndi njira zake. Zinali njira zopapatiza, zokhotakhota, zoti anthu aziyenda mondondozana, ndipo palibe mfumu inalamula kuti zikumbidwe: mapazi okha ndiwo ankazilemba pansi. Zinkachoka pamudzi kupita kudambo, kuchoka kudambo kupita kwa wosula makasu, ndipo zina zinkafika ku Msinja, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, kumene anthu ankakapempha mvula kwa Chisumphi kudzera mwa Makewana. Mtengo ukagwera m'njira, anthu ankaulambalala, njira n'kukhota mpaka kalekale. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala 1866 David Livingstone anayenda m'njira zoterezi kuchokera cha ku Dedza, kulambalala Dzalanyama, mpaka kukaoloka Bua polowera ku Luangwa. M'zolemba zake anasimba za ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi amisiri osula amene anawapeza m'midzi yambiri. Anasimbanso za mantha, pakuti kulikonse kumene ankafika anthu ankakamba za nkhondo ya Mazitu, ndiwo Angoni.

Mantha amenewo ndiwo anabala chipululu. M'zaka zotsatira, anthu a m'chigwa cha Lilongwe anapezeka ali pakati pa moto utatu: Angoni a Mpezeni kuzambwe, Angoni a Chiwere cha ku Dowa, ndi Angoni a Maseko cha ku Dedza. Pamwamba pa izo panali ogula akapolo, ena ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota, ena Achikunda ochokera ku Zambezi. Kachisi wa ku Msinja anapasulidwa m'nkhondo zomwezo. Anthu anasiya midzi yawo ing'onoing'ono nakaunjikana m'malinga a dothi, ena nathawira m'mapiri, ena nakagonjera Angoniwo. Pakati pa linga ndi linga minda inabwerera kutchire, njovu ndi mikango zinatenga malo, ndipo njira zambiri za makolo zinamera udzu. Chinali chipululu chopangidwa ndi anthu, m'dziko la nthaka yachonde ndi madzi okwanira.

Mu Januwale 1898 asilikali a boma la Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni. Nkhondoyo sinatenge masiku ambiri: mikondo sinathe kulimbana ndi mizinga, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. M'nyengo yomweyo panamangidwa malinga awiri a asilikali pafupi ndi malire. Lina linali Fort Manning, limene lero timati Mchinji. Linalo linali Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, ndipo kuyambira 1899 mpaka 1911 kumeneko ndiko kunali likulu la dziko lotchedwa North-Eastern Rhodesia. Tsono likulu limafuna makalata, nsalu, mchere, zipolopolo ndi palafini, ndipo zambiri mwa zimenezi zinkachokera ku Blantyre ndi kunyanja. Panafunika njira yowongoka yodutsa m'chipululu chija. Mu 1904 boma linakhazikika m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo malowo anakula chifukwa ndi pamene njira yochokera kummwera kupita kumpoto inkakumana ndi njira yolowera ku Fort Jameson. Tinganene mosakokomeza kuti mzinda umene unadzakhala likulu la dziko lathu mu 1975 unayamba ngati mphambano.

Tisaganize kuti msewu woyambawo unali ngati imene tikuidziwa lero. Unali mzere wolambulidwa ndi makasu, wotakasuka pang'ono chabe, wokhala ndi maulalo a mitengo ndi udzu amene madzi ankakokolola chaka ndi chaka. Olambula ake anali makolo athu. Mvula ikatha, mesenjala wa boma ankafika kwa mfumu, mfumu n'kuitana anthu ake, mudzi uliwonse n'kupatsidwa chigawo chake choti ulambule. Lamulo la 1912 lokhazikitsa mafumu aakulu pansi pa bwana Disi linalimbitsa udindo umenewu. Ndipo choyamba chimene chinadzera mumsewu wolambulidwawo kubwera kumidzi chinali msonkho. Poyamba unali mashileni 3 pa nyumba iliyonse. Mu 1902 unakwera kufika pa mashileni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu ankalipira theka lokha. Cholinga chake n'chosabisika: msonkho unkatulutsa amuna m'midzi, msewu n'kuwaperekeza kuminda ya azungu ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mulanje.

Galimoto kunalibe, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe m'malo ambiri a m'njira. Motero katundu yense ankayenda pamutu pa amtengatenga, aliyense atasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena 60, ndipo bwana ankayenda m'machila, anyamata akusinthana mapewa ndi kuimba kuti mapazi agwirizane. Tikamawerenga m'mabuku kuti mzungu wakutiwakuti anatsegula msewu, tizikumbukira kuti iye anagona m'machila, otsegula enieni ali pansi pa mtengo wa machilawo.

Amishoni nawonso anayenda m'njira yomweyi, ndipo sitingabise kuti katundu wawo anayendanso pamutu pa anthu. Ansembe a chipani cha White Fathers anamanga msasa ku Chiwamba mu 1902, koma chaka chotsatira anasamukira ku Likuni. M'chaka chomwecho cha 1903 anatsegula Kachebere, pamalire penipeni, pakati pa Angoni a Mpezeni amene anali asanaiwale zilonda za nkhondo. Pakati pa Likuni ndi Kachebere panali ulendo wa masiku angapo wapansi, ndipo kwa zaka zambiri panalibe mishoni ina ya Katolika pakatipo. Nambuma inatsegulidwa mu 1928 ndipo Guilleme mu 1935. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba ku Mvera mu 1889, anali atafika kale ku Magwero pafupi ndi Fort Jameson ndiponso ku Malingunde, ndipo mipingo iwiriyi inkapikisana zedi pofuna malo omangapo sukulu. Pa mbiri ya misewu, chofunika kuchidziwa n'chakuti sukulu za m'midzi zinabala njira za mtundu wina. Msewu wa boma unkawongoka kupita kumene boma likufuna; njira ya mphunzitsi ndi katekisiti inkapatuka kulondola kumene kuli anthu. Njinga ya wansembe, kenaka mthuthuthu wake, zinkadutsa momwemo, akhristu n'kumakuza njirayo pang'onopang'ono ndi kuika mitengo pamitsinje. Misewu ina ya fumbi imene imathera pakhomo la tchalitchi kapena pabwalo la sukulu inayamba motero.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inaonetsa poyera kuti msewu ndi wa yani. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko lino anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali omenyana ndi Ajeremani, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka sanabwerere. Anthu okhala m'mbali mwa msewu ndiwo ankagwidwa msanga, kotero kuti ena ankathawira kutchire akangomva kuti amesenjala akubwera. Nkhondo itatha, chimfine choopsa cha 1918 chinalowa m'midzi kudzera m'misewu yomweyo. N'zosadabwitsa kuti agogo athu ambiri sankafuna kumanga nyumba pafupi ndi msewu. Ife lero timalimbirana malo a m'mbali mwa msewu kuti timange golosale. Iwo ankaona msewu ngati khomo lolowera mavuto.

Chimene chinasintha nkhope ya chigwa chonse ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anabwereka malo ku Mbabzi ndi ku Lingadzi. Posakhalitsa anaona kuti phindu lenileni silili polima okha, koma pogawira anthu a m'midzi mbande za fodya wa chikopa, kuwaphunzitsa kumuwamba ndi utsi m'zigafa, kenaka n'kudzamugula. Anayamba zimenezi mu 1922, ndipo m'zaka zochepa chabe alimi a fodya m'chigawo chapakati anachuluka kuchoka pa mazana angapo kufika pa zikwi makumimakumi. Ogula ena anathamangira kuno, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo. Fodya wochuluka chotere sakanatheka kusenzedwa pamutu mpaka ku Limbe, mtunda wa mamailosi opitirira 200. Apa m'pamene malole anayamba kulira m'chigwa cha Lilongwe, misewu n'kukuzidwa, nthambi zatsopano n'kulambulidwa kulowera kumisika ya fodya. Njanji itafika ku Salima mu 1935, chaka chomwe mlatho wa pa Zambezi unatsegulidwa, malole ambiri anayamba kutsikira kumeneko, ndipo ngakhale alimi achizungu a ku Fort Jameson ankadalira msewu wodutsa pa Namitete kuti fodya wawo aone nyanja.

Fodya anabweretsa njinga, malata, masuti ndi ndalama ya msonkho popanda kupita kutali, ndipo zimenezi sitingazinyoze. Koma taonani kumene nthambi za msewu zinkathera: zinkathera pasikelo. Kupyola pamsika wa fodya, msewu unalibenso chifukwa chopitirira. M'zaka za m'ma 1930 mitengo itagwa, bungwe lija linachepetsa misika, ndipo mlimi amene kale ankagulitsa pafupi anayamba kuyenda mitunda italiitali, mtolo wa fodya uli pamutu, kukagona pamsika kudikira kuti amuuze mtengo umene sakanatha kuukana. Nthambi yopita kumsika wotsekedwa inangosiyidwa, udzu n'kuitenga.

Apa tiyenera kuima pang'ono kuti tione chimene msewu wa fumbi uli, pakuti ambiri timauyenda osaudziwa. Msewu wa dothi ndi chinthu chamoyo, ndipo mdani wake wamkulu si galimoto koma madzi. Msewu wabwino umakhala ndi msana: pakati pamakhala pokwera, m'mbali motsika, kuti mvula ikagwa madzi atsetserekere m'ngalande, ngalandezo n'kuwatayira kutchire asanasonkhane mphamvu. Msana ukaphwa, madzi amayenda m'mikwingwirima ya matayala, ndipo mvula ziwiri zitatu zimakwanira kusandutsa msewu kukhala mtsinje. Pamtunda, pamene pali katondo wofiira, msewu umalimba ndithu, ngakhale kuti mvula ikangowaza umaterera ngati therere. Vuto lalikulu lili m'madambo, amene chigwa chathu chili nawo ochuluka kwabasi. Dothi lakuda la makande limamwa madzi n'kufufuma, lole ikalowamo imamira mpaka m'mimba, ndipo m'chilimwe dothi lomwelo limauma n'kung'ambika ming'alu. N'chifukwa chake olambula akale ankayendetsa msewu pamwamba pa zitunda, kulondola malire a madzi, n'kumaoloka dambo pamalo opapatiza okha. Msewu umene timaunyoza kuti ndi wokhotakhota nthawi zambiri ukuthawa dambo.

M'chilimwe mavuto ake ndi ena. Dothi likauma, matayala a galimoto zothamanga amalikankha pang'onopang'ono mpaka msewu wonse utachita timizere tonga malata a padenga, ndipo timizereto timagwedeza basi mpaka mabawuti kumasuka. Fumbi limene timaliona likukwera kumbuyo kwa lole mu Okutobala ndi msewu womwewo ukuuluka: dothi losalala limene limagwirizitsa timiyala likachoka, timiyalato timabalalika, msewu n'kutsika chaka ndi chaka mpaka kukhala m'munsi mwa minda yoyandikana nayo. Tsono mvula ikabwera madzi onse a m'minda amathamangira momwemo. Walira mvula walira matope, anatero akuluakulu, ndipo palibe amene amaudziwa bwino mwambiwu kuposa dalaivala wa lole yonyamula feteleza mu Disembala. Mankhwala ake ndi odziwika ndipo ndi otsika mtengo poyerekeza ndi phula: kufukula ngalande mvula isanayambe, kutsegula makalavati otsekeka, kubwezeretsa msana ndi giledala kapena ndi makasu. Koma ndi mankhwala ofunika kumwa chaka chilichonse. Msewu wa phula ungapirire zaka zingapo osasamalidwa. Wa dothi ukangodumphitsidwa dzinja limodzi kapena awiri, wapita.

Tibwerere ku mbiri yathu. Kupatula fodya, chinthu china chachikulu chimene misewu imeneyi inatulutsa ndi anthu. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935 kuti ifufuze za anthu opita kunja inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse a m'dziko lino, anali kunja. A kuno kwathu ambiri ankapita pansi, kudzera ku Fort Jameson kapena kudutsa Dzalanyama kulowa m'dziko la Apwitikizi, kukaoloka Zambezi, mpaka kukafika ku Salisbury, kumene anthu ankangoti ku Halale. Umenewo ndiwo unali ulendo wa m'chipululu weniweni: milungu ingapo ya ludzu, mikango ndi achifwamba, anthu akuyenda m'magulu ndi kugona atazungulira moto. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia, pofuna antchito a m'mafamu ndi m'migodi, linayamba kutumiza malole onyamula anthu osalipira, ndipo anthu anangowatcha kuti Ulere. Dzinalo n'lokoma. Ambiri amene anakwera sanaonekenso, ndipo chinenero chathu chinawapatsa dzina lawolawo lakuti machona.

Pambuyo pake kunabwera ndege za Wenela, zimene zinkanyamula anyamata pabwalo lakale la ndege la Lilongwe, m'mbali mwa msewu womwewu wa ku Mchinji, kupita nawo ku Francistown pa ulendo wa kumigodi ya ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 imodzi mwa ndegezo inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi opitirira 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito za Wenela. Amayi ambiri a m'midzi yathu anatha zaka zawo zabwino akuyang'ana kumsewu, kudikira munthu wa sutikesi ndi wailesi amene mwina anafika, mwina sanafike.

Misewu yambiri ya fumbi imene tikuyendamo lero kuzambwe ndi kumpoto kwa Lilongwe ndi yaing'ono msinkhu kuposa mmene timaganizira. Mu 1968 boma la Malawi, ndi ngongole yochokera ku World Bank, linayamba ntchito yaikulu yotchedwa Lilongwe Land Development Programme. Inali imodzi mwa ntchito zoyamba za mtundu umenewu mu Africa muno, ndipo akatswiri a maiko ambiri ankabwera kudzaonera. Dera lonse linagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse n'kukhala ndi pakati pake pamene panali msika, nyumba za alangizi ndi mosungira feteleza. Anakumba zitsime za mijigo, anakonza migula ndi ngalande zoteteza nthaka, anayeza malo a mabanja, amene timati ndunda, n'kuwalembetsa m'kaundula motsata malamulo a za malo a 1967. Ndipo analambula misewu ya dothi mamailosi mazanamazana, ulendo uno ndi makina, yowongoka bwino, ya msana ndi ngalande zake. Kwa nthawi yoyamba midzi yambiri inaona lole itaima pabwalo.

Sitikukayika kuti ntchito imeneyi inathandiza, ndipo mijigo ina ya nthawi imeneyo inamwetsa mibadwo iwiri. Koma maganizo ake anali akale omwe aja atavala malaya atsopano. Misewuyo inakonzedwa kuti feteleza ndi mbewu za ngongole zilowe, chimanga, mtedza wa chalimbana ndi fodya zituluke. Wogula anali mmodzi yekha, ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndipo akatswiri a zachuma anaonetsa pambuyo pake kuti mitengo imene mlimi wamng'ono ankalandira inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi imene mbewu zakezo zinkagulitsidwira kunja, phindu lake n'kumakathandiza kutsegula maesiteti. Mlimi yemweyo sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka 1990. Ndipo ndalama za ngongole zinali zomangira, osati zosamalira. Ntchitoyo italowa m'manja mwa nthambi wamba za boma, magiledala anayamba kuoneka patalipatali. Malonda a mbewu atatsegulidwa kwa aliyense mu 1987, misika ina ya kumidzi inatsekedwa, ndipo zimene zinachitika m'ma 1930 zinachitikanso: msewu wopita kumsika wakufa unayamba kufa nawo.

Komabe mbiri imeneyi ili ndi mbali ina imene mabuku a boma salemba kwenikweni. Anthu a m'midzi anaulanda msewu mwakachetechete n'kuusandutsa wawo. Ngolo ya ng'ombe, imene inafala kwambiri m'chigwa cha Lilongwe, inapangidwira kunyamula mbewu, koma yanyamula njerwa za matchalitchi ndi sukulu, yanyamula akwati, yanyamula maliro, ndipo usiku wosawerengeka yanyamula amayi apakati kupita nawo kuchipatala, nyali ili patsogolo. Masisitere a chipani cha Karimeli ochokera ku Luxembourg atatsegula chipatala cha St. Gabriel ku Namitete mu 1959, njira zonse za m'deralo zinapeza kolowera kwatsopano, kumene munthu ankapita kukalandira, osati kukapereka. Chimodzimodzi ku Likuni, ku Nambuma ndi kwa Kabudula. Mabasi a kampani imene inayamba mu 1947 ndi dzina lakuti Nyasaland Transport Company, n'kudzatchuka ndi dzina lakuti UTM, ankalowa m'misewu ya fumbi n'kukagona kumidzi, ndipo ana asukulu ambiri amene anadzakhala aphunzitsi, anamwino ndi ansembe anayamba ulendo wawo pa basi ya m'bandakucha yoteroyo. Pamphambano panamera misika ya sabata ndi sabata, zigayo ndi matiyirumu. Palibe mwa zimenezi chimene olamula kuti msewu ulambulidwe anachiganizira.

Thunthu lija linapitirira kukwezedwa, popeza ndi khomo la malonda ndi Zambia. Linathiridwa phula, ndipo pambali pake panadutsa njanji imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Canada: inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ngakhale kuti kachigawo kotsala kofika ku Chipata kanadikira mpaka 2010. Ulendo umene ansembe a ku Likuni ankayenda masiku angapo popita ku Kachebere lero ndi wa maola awiri kapena atatu. M'zaka zaposachedwapa msewu wochokera ku bwalo lakale la ndege kulowera ku Kasiya ndi ku Santhe nawonso unathiridwa phula, ndipo amene amakhala m'mbali mwake akudziwa kusiyana kwake. Koma m'dziko lonse, mwa makilomita pafupifupi 15,000 a misewu yolembedwa m'kaundula wa boma, imene ili ndi phula sikwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Kunena zoona, ambiri mwa ife tidzakalamba tikuyendabe pa fumbi, ndipo funso lothandiza si lakuti phula lidzafika liti, koma lakuti ngalande afukula ndani chaka chino.

Funso limeneli lili ndi mbiri yake yowawa. Pa nthawi ya atsamunda kulambula msewu kunali lamulo, ndipo wokana ankaonana ndi mesenjala. Pa nthawi ya chipani chimodzi kunali Sabata ya Achinyamata, pamene chaka ndi chaka ana asukulu ndi anthu a m'midzi ankatuluka ndi makasu kukakonza misewu ndi milatho. Ntchito inkagwirika ndithu, koma kumbuyo kwake kunali maso a apayoniya ndi ayufi. Motero ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu ambiri anataya khasu la pamsewu pamodzi ndi khadi la chipani, nanena kuti zonsezo zinali thangata. Sitingawadzudzule mopepuka, pakuti munthu amene kwa zaka 90 wakhala akulambula msewu mokakamizidwa, kuti katundu wa ena adutse, ali ndi chifukwa chokayikira aliyense womuuza kuti msewuwo ndi wake. Pambuyo pake ntchito za MASAF zinayamba kulipira anthu pokonza misewu ya kumidzi, ndipo zinathandiza mabanja ambiri m'miyezi ya njala. Koma zinazamitsanso maganizo akuti ngalande ya pakhomo pathu siifukulidwa popanda kaundula wa malipiro. Ena afika polima mizere mpaka m'ngalande momwe, ena kutseka potulukira madzi kuti asalowe m'munda mwawo, madziwo n'kutsata msewu mpaka kukagumula kalavati kumunsi.

Mwa malamulo a 2006, misewu ya dziko lino ili m'manja mwa bungwe la Roads Authority, ndalama zake zimasungidwa ndi Roads Fund Administration, ndipo misewu ing'onoing'ono ya m'maboma imayang'aniridwa ndi makhonsolo. Gwero lalikulu la ndalama zosamalira misewu ndi msonkho umene umaikidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo. Ndiye kuti mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amene amanyamula odwala ndi matumba a soya pakati pa Nsaru ndi midzi ya kwa Kabudula amalipira nawo msonkho wa misewu tsiku lililonse, chimodzimodzi mwini chigayo cha dizilo amene chigayo chake sichiyenda pamsewu n'komwe. Makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera alipo kuti azifunsa kumene gawo la misewu ya dothi lapita, ndipo mwezi woyenera kufunsa ndi Ogasiti kapena Seputembala, giledala isanasowe podutsa.